Kamzere pa Shafuti

1. Mawu a mayi

Kabawuti anadzuka msana ukupweteka. Dzulo lake anagwira ntchito chowerama tsiku lonse, ndipo ngakhale anasamba ndi sopo, m'zikhadabo mwake munali mukadali oyilo wakuda. Dzina lakuti Kabawuti anamupatsa ndi amakaniko a kuntchito, poti anali wamfupi, wowonda, koma wosapindika. Anali mtsikana yekhayo pagalaja yonse, ndipo umakanikowo ankauphunzira kwa bambo ake omubereka.

Anapeza mayi ake akupukuta patebulo. Pafupi ndi kapu ya bambo panali shuga wotayika. Eni kapuwo anali panja, akumanga zingwe za nsapato. Mayi anasuzumira pawindo, kenako anamukokera mwana wawo pafupi.

"Waona?" anatero motsitsa mawu, akuloza shuga uja. "Amafuna kuthira m'kapu, athira pambali. Ng'ala ija ikukula, mwana wanga. Diso lamanzere layera kale, lamanjali likutsatira. Ndawauza kuti tipite kuchipatala, akukana. Akuti abwana akangomva kuti saona bwino, ntchito yatha, ndipo palibe amene angalembe makaniko wokalamba wosaona. Ine ndatopa nako kukangana. Tsono iwe ndi amene umakhala nawo tsiku lonse. Ukhale maso awo. Akagwetsa nati, tola asanaifune. Akatambasula dzanja, ikamo sipanala. Zimene ukuona m'nyumba muno zisatuluke pakamwa pako, ngakhale kwa mnzako wapamtima. Ukukumbuka galimoto ija inabwerera ikudontha? Abwana ananena okha kuti bambo ako akadzalakwitsanso, anyamule bokosi lawo la zida azipita. Akachotsedwa, tidya chiyani muno? Azing'ono ako apita bwanji kusukulu? Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

"Usangoti ndamva. Usunge."

Kabawuti anamwa tiyi wake chiimirire. Mawu amenewa sanali achilendo kwa iye. Panali patapita miyezi ndithu akugwira ntchito ziwiri, yophunzira ndi yobisa, ndipo yobisayo ndi imene inkamutopetsa kwambiri.

Atatuluka, anatenga bokosi la zida n'kuyenda kutsogolo pang'ono. Bambo ake ankatsatira ovololo yake yabuluu, ndipo pamene iye walumpha ngalande, nawonso ankalumpha.

2. Lamba ndi oyilo

Galaja inali shedi yaitali ya malata, pansi pake pakuda bii ndi oyilo wa zaka zambiri. Pakati panali dzenje lalitali lokhala ndi masitepe, lomwe ankaimikapo galimoto kuti amakaniko azigwira ntchito kunsi kwake. Kumapeto kunali ofesi ya abwana, mwini galaja, ndi kachipinda ka zipangizo. Kiyi wa kachipindako sankachoka m'thumba mwawo. Ngakhale ufune wasala mmodzi wa pabawuti, umayenera kufotokoza kuti wakale watani.

Tsiku limenelo pamwamba pa dzenje panali minibasi yonyamula ana a sukulu. Adalaivala ake anali bambo a dazi, ndipo pakamwa pawo sipankapuma.

"Amisiri, lamba yekha basi," anauza bambo a Kabawuti. "Musandipezere matenda ena, ndimakudziwani amakaniko inu. Ana akamaweruka, ndikhale ndili pageti pasukulu. Makolo awo saseka."

Injini ya minibasi imakhala kunsi kwa mpando wakutsogolo. Anatukula mpandowo, anachotsa radiyeta, kenako Kabawuti anamasula chivindikiro cha lamba. Atangochichotsa, anakwinya nkhope. Mkati monse munali monyowa, ndipo lamba wakale ankanyezimira.

"Muli oyilo, bambo," ananong'ona.

Bambo ake anapisamo chala, anachinunkhiza, n'kugwedeza mutu. Zala zawo ndi mphuno yawo zinali zikadali zakuthwa. Anayankhula mokweza kuti adalaivala amve nawo.

"Mwanawe, sendera pafupi. Lamba ameneyu ali ndi mano. Ndi amene amagwirizanitsa shafuti yapansi ndi yapamwamba, zitsulo zazitali zozungulira zija, kuti mapisitoni ndi mavavu azipatsana mpata m'kati mwa injini. Wina akamakwera, mnzake akhale atachoka. Lamba akaduka kapena kudumpha mano, zitsulo zimenezi zimawombana, injini n'kuphwanyika mkati. Tsono mdani wa lamba ndi oyilo. Oyilo amafewetsa mphira, mano n'kuyamba kuthothoka limodzilimodzi. Makaniko waulesi amangopukuta ndi nsanza, kuika lamba watsopano, kutseka, mwini galimoto n'kupita akumwetulira. Koma oyiloyu sanagwe kumwamba. Akutuluka pa silu, kamphira kozungulira kamene kamatseka pomwe shafuti imatulukira mu injini. Silu ikatha, lamba watsopano amanyowanso, ndipo sachedwa kuduka. Mmene tatsegula kalemu, ino ndi nthawi yosintha silu. Usadzatseke injini ikudontha, ngakhale mwini wake akulumphalumpha. Lamba saduka galimoto ili pagalaja. Amaduka pamtsetse, injini n'kuzima, mabuleki n'kulimba, kumbuyoku kuli ana a eni."

Adalaivala anavula chipewa n'kudzikupiza nacho.

"Ndinanena ine," anadandaula. "Ukabwera ndi chimfine, amakupeza ndi chifuwa. Chabwino, sinthani. Koma fulumirani, amisiri."

Kabawuti anapita ku ofesi. Abwana anafunsa mafunso awo a masiku onse, kenako anatsegula kachipinda n'kumupatsa silu yatsopano.

"Upatse bambo ako," anatero. "Lamulo ukulidziwa. Wophunzira sazula silu."

"Ndikulidziwa, bwana."

3. M'dzenje

Silu yodonthayo inali ya shafuti yapansi, choncho anatsikira m'dzenje. Munali mdima ngakhale kunja kunali dzuwa. Munkanunkha dizilo ndi madzi oola. Anachotsa lamba wakale ndi giya yapansi yomwe lambayo amakwerapo, ndipo silu inaonekera, yakuda, yolimba ngati chikopa chouma.

Kachitsulo kokowera silu kanathyoka kalekale, ndipo abwana anali asanagule kena. Bambo anatenga sikuludilaiva yaing'ono. Ntchito imeneyi imafuna diso, chifukwa nsonga imayenera kulowa mu mphira popanda kukhudza shafuti.

"Unika apa," anatero.

Kabawuti anaunika ndi tochi.

"Ndati unika."

"Ndaunika, bambo. Tsitsani dzanja pang'ono. Pitani kumanja."

Pamwamba adalaivala anagogoda pachitseko cha minibasi. "Zikutheka kumeneko? Kapena mwagona?"

Bambo anakanikiza. Sikuludilaiva inaterereka, ndipo panamveka kaphokoso kakang'ono ka chitsulo chokhula chinzake. Anayesanso, silu n'kuzuka, kugwera m'madzi akuda aja.

Kabawuti anapukuta shafuti ndi nsanza yoyera. Atabweretsa tochi pafupi, anayang'anitsitsa. Panali kamzere kowala, pamalo penipeni pomwe mlomo wa silu umakhala. Anayendetsapo chikhadabo, ndipo chinakodwa.

"Bambo, pali kamzere."

"Ndi litsiro limenelo. Pukuta."

"Ndapukuta. Chikhadabo chikukodwa."

Bambo ake anatambasula dzanja n'kupapasa. Chala chawo chinayenda, chinaima, chinabwerera. Anatenga sandipepala wosalala, anamunyowetsa ndi oyilo, n'kukhula mofatsa mpaka mkono unatopa. Atapapasanso, kamzere kanali pomwepo. Bala linali lakuya.

Onse awiri ankadziwa tanthauzo lake. Shafuti yokandika imadya mlomo wa silu yatsopano, oyilo n'kuyambiranso kutuluka. Mankhwala ake ndi kachitsulo kopyapyala kovekera pa shafuti kuti kaphimbe balalo. Amakaniko ena amati silivu, koma bambo ake ankangoti mphete. Mphetezo zinalipo, koma zinali m'kachipinda ka abwana, ndipo abwana sakanatulutsa osafunsa kuti wakanda ndani.

Bambo anakhala pansi pa sitepe. Anapukuta nkhope ndi mkono wa ovololo.

"Tenga silikoni womatira uja m'bokosimo," anatero. "Upake pang'ono pabalapo. Tiike silu, titseke."

"Silikoni sagwira pachitsulo chozungulira, bambo. Munandiuza nokha."

"Ndikudziwa zimene ndinakuuza." Mawu awo anali otsika, osakalipa. "Ndikudziwanso zimene ndanena pamwamba paja. Usandibwerezere. Tamvera, mwanawe. Siyamba kudontha lero. Idzayamba pang'onopang'ono, mwina papita miyezi. Pofika nthawi imeneyo ndidzakhala nditapita kuchipatala, maso atatseguka. Ndidzawaitana adalaivalawa, ndidzapeza chonamizira, tidzakonza bwinobwino. Ntchito iyi ndinaiyamba iwe usanabadwe, ndipo sindinakandepo shafuti ya munthu. Lero ndi loyamba. Ndikapita mu ofesi muja kukapempha mphete, sinditulukamo ndili wantchito. Ndatopa, mwana wanga. Ndatopa ndi kuyerekeza kuti ndikuona. Koma sindingapite kwa amayi ako ndi bokosi paphewa dzuwa lili pamutu. Ingopaka. Tchimo lake likhale langa."

Ananyamuka movutikira n'kukwera masitepe, dzanja lili kukhoma. Kabawuti anawamva akuuza adalaivala kuti zonse zikuyenda bwino, akungofuna kukamwa madzi kumpopi.

Anatsala yekha, silikoni ali m'manja. Anatsegula chitsekerero, anafinya pang'ono pachala. Anawamvera chisoni bambo ake, chisoni chachikulu, ndipo anawakwiyiranso. Pamwamba, adalaivala anali pafoni, akuuza kholo lina kuti lisade nkhawa, minibasi ili m'manja mwa katswiri, ana ayenda mosatekeseka chaka chonse.

Kabawuti anapukutira silikoni uja pa nsanza. Anatseka, anabwezera m'bokosi, n'kutuluka m'dzenje.

4. Mu ofesi

Abwana anali akudya buledi ndi chakumwa cha m'botolo. Anali aang'ono kwa bambo a Kabawuti, koma mimba inali itatsogola kale. Sanali munthu wankhanza. Vuto lawo linali lakuti akanena chinthu, sankabweza.

"Odi, bwana."

"Watani, Kabawuti?"

"Ndimapempha mphete ya shafuti yapansi. Ya minibasi ija."

Abwana anasiya kutafuna. "Shafuti yatani?"

"Yakandika pozula silu."

"Wakanda ndani?"

Mpaka pamenepa mwanayu anali atayenda bwino, ndipo tiyenera kumuyamikira. Anakana kutseka injini yodontha. Koma funsoli litabwera, anakumbuka mawu a mayi ake, ndipo pakamwa panathamanga kuposa mutu.

"Ndine, bwana."

Abwana anakankhira buledi pambali. Anapukuta m'manja, anatenga tochi yawo, n'kupita kudzenje. Anatsika, anaunika, anayendetsapo chikhadabo. Potuluka anakumana ndi bambo a Kabawuti akuchokera kumpopi, ndevu zikudontha madzi.

"Amisiri," anatero abwana, "mwamupatsa mwanayu sikuludilaiva kuti azule silu?"

Bambo anaima chilili. Anatembenuzira nkhope komwe kunali ovololo yabuluu ija.

"Sanandipatse," Kabawuti analowerera msanga. "Anapita kukamwa madzi. Ine ndinaona kuti adalaivala akufulumira, ndiye ndinati ndiyese ndekha. Iwo sakudziwa kanthu."

Bodza loyamba linali litabala kale lachiwiri, ndipo lachiwirili linatuluka mosavuta.

"Bwana," bambo anayamba. Kabawuti anawagwira mkono n'kuufinya mwamphamvu. Bambo anayang'ana pansi, osapitiriza.

Abwana anaganiza kuti ndi manyazi a kholo. Anapumira m'mwamba n'kutembenukira kwa mtsikanayo. Amakaniko ena anali atasiya ntchito zawo, akumvetsera chapatali.

"Kabawuti, ndikuuze pamaso pa bambo ako ndi pa anthu onsewa. Lamulo lija sindinaliike kuti ndizikuzunzani ophunzira. Silu ndi kanthu kakang'ono, koma shafuti ili kumbuyo kwake ndi msana wa injini. Dzanja limene silinazolowere limaterereka, ndipo waona wekha zotsatira zake. Changu si luso. Mwini galimoto akamakuwa, iwe uzitseka makutu n'kutsegula maso. Chimodzi chokha ndikuyamikire, wabwera kudzanena. Ukanapaka silikoni n'kutseka, ine n'kudzazindikira pambuyo pake, ukanachoka pano osadzapondanso. Munthu wobisa cholakwa m'kati mwa injini ndi woopsa kuposa wosadziwa ntchito, chifukwa wosadziwa timamuphunzitsa, koma wobisa sitidziwa pomwe wakwirira. Komabe lamulo waswa, ndipo anzakowa akuona. Ndikakusiya, mawa aliyense agwira sikuludilaiva. Vula ovololo, upite kunyumba. Ukhale konko mpaka ndidzakuitane. Ukaganizire bwino ngati ntchitoyi ukuifunadi."

"Pepani, bwana."

"Usapepese ine. Pepesa bambo akowa. Anthu onse pano amawalemekeza, iwe wawachititsa manyazi."

Kabawuti anatembenuka. "Pepani, bambo."

Bambo ake anangoweramitsa mutu, manja ali lende.

Adalaivala anali atamva zonse. Anamenya chipewa pabondo. "Ndiye ine nditani? Ana aweruka posachedwa. Kupatsa mwana injini yanga kuti aziphunzirirapo, zoona?"

"Mtima pansi, akulu," anatero abwana. "Mphete ilipo, ndipo sindikulipiritsani. Wothandiza wapita, ndiye ndilowapo ndekha. Ine ndi amisiri timaliza nthawi yake isanakwane."

Anakatenga mphete m'kachipinda muja, anaiika m'manja mwa bambo a Kabawuti, n'kupinda manja a malaya.

5. Pageti

Kabawuti anavula ovololo n'kuikoleka pamsomali. Anasamba m'manja pampopi mosafulumira. Amakaniko ena anamuyang'ana mwachisoni, wina n'kumuseka kuti bawuti yapindika lero. Iye anangotuluka.

Kunyumba sanafune kupita msanga. Akanawauza chiyani mayi ake? Anafika pageti, n'kukhala pa tayala lakale lomwe linali pafupi ndi mpanda. Komabe mumtima munali mopepukirako. Minibasi sidontha, ana ayenda bwino, bambo ntchito ikadalipo. Iye yekha ndi amene walangidwa, ndipo anaona kuti zimenezo angathe kupirira.

Pomwe anakhalapo ankamva zonse za m'galaja. Anamva kugogoda kofatsa kwa hamala, bambo ake akulowetsa mphete. Imeneyo ndi ntchito ya zala, ndipo zala zawo sizinkalakwa. Anamva abwana akuyamikira. Anamvanso silu ikulowa, giya yapansi ikubwerera m'malo mwake.

Kenako abwana anakwera kutsogolo kwa minibasi, pomwe panali mpando paja, n'kuweramira mu injini.

"Tsopano zizindikiro, amisiri," anatero. "Ine ndaona chapamwambachi, chili pamalo pake. Inu onani chapansi."

Kabawuti anadzambatuka.

Lamba asanakolekedwe, magiya onse awiri amayenera kuima pamalo ake enieni. Pa giya iliyonse pamakhala kadontho, ndipo pa injini pamakhala kachizindikiro kena. Ziwirizi zimayenera kuyang'anizana ndendende. Zikaphonyana ndi mano ochepa chabe, kiyi akangotembenuzidwa, mapisitoni amawomba mavavu. Pa injini yakale ngati imeneyi timadonthoto timakhala titafufutika, toti chala sichingatimve. Timafuna diso basi. Kuyambira pamene ng'ala inayamba, bambo ankatembenuza shafuti, iye n'kumayang'ana, zikakumana n'kuwagunda ndi chigongono. Pokonza bodza lake lija, zimenezi sanaziganizire.

Anagwira geti.

M'dzenje munamveka sipanala ikugwira bawuti, kenako phee. Tochi inkayenda uku ndi uku, kuwala kwake kukuoneka kunsi kwa minibasi.

"Mwanawe," anamveka mawu a bambo ake, mwachizolowezi, "tabwera undi..."

Anadukiza pomwepo.

"Mwana wapita, amisiri," anatero abwana mosadandaula. "Muli nokha kumeneko. Zakumana kapena sizinakumane?"

Adalaivala ankayendayenda, makiyi akulira m'manja mwawo.

"Amisiri, nthawi ikutha. Ndikoleke lamba?"

Kabawuti anaponya phazi limodzi kutsogolo, n'kuima. Akathamangirako, abwana afunsa chifukwa chimene mmisiri wamkulu akufunira maso a mwana, ndipo zonse ziululika. Akakhala chete, injini ya eni ili pangozi, ndipo ikaphwanyika palibe bodza lingawapulumutse bambo ake.

M'dzenje muja bambo anatsokomola.

"Zakumana, bwana."

Kabawuti anawadziwa mawu amenewo. Anali ofewa, okwera pang'ono kumapeto, mmene bambo ake ankayankhulira akamangoganizira.

"Chabwino," anatero abwana, akukoleka lamba watsopano pa giya yapamwamba. "Adalaivala, konzekani. Tikangomanga apa, mulize injini."